Ku Misuku kumene amalima khofi wa m'tauni

Amene akufuna kuona kumene khofi wabwino wa dziko lino amachokera akwere galimoto ya ku Chitipa kuchokera ku Karonga, atsike pa Kapoka. Pamenepo msewu wa phula amausiya, n'kuyamba kukwera mapiri a Misuku. Mtunda wake si wautali kwenikweni koma umadya nthawi, chifukwa msewu umakhotakhota ngati njoka ndipo galimoto ikadzaza matumba ndi anthu imakwera mopuma. Ine ndidapitako pa holide ya mu Ogasiti, nthawi imene alimi amakhala ali pakalikiliki kuthyola khofi.

Munthu wochokera kuchigwa chinthu choyamba kumudabwitsa ndi kuzizira. M'mawa nkhungu imaphimba nkhalango za Mughesse ndi Wilindi, ndipo kumpoto, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumaoneka mapiri a ku Tanzania. Minda yake ndi ing'onoing'ono, yopendekeka, ndipo mitengo ya khofi imabisala pansi pa nthochi. Nthochizo si zokongoletsa munda ayi. Zimapereka mthunzi, masamba ake amaphimbira nthaka, komanso banja limadya pamene likudikira khofi, amene amabala kamodzi pachaka ndipo mbande yake imatha zaka zitatu isanayambe kupatsa mwini wake kanthu.

Kuzizirako ndiye chuma cha malowa. Khofi wa mtundu wa arabica akamera pamalo okwera amapsa pang'onopang'ono, njere yake imalimba ndipo imakoma kuposa ya kumalo otentha. Ku Misuku amalimanso mtundu wina wotchedwa Geisha. Dzina limeneli ku Ulaya ndi ku America okonda khofi akalimva amatsegula zikwama, makamaka chiyambire mu 2004 pamene Geisha wa ku Panama adapambana pa mpikisano n'kugulidwa pa mtengo umene anthu sadauonepo. Kuno mtengo wa Geisha umangoima kuseri kwa khitchini, nkhuku zikupalasa pansi pake.

Ntchito yake ndidaiona ndi maso. Khofi sapululidwa ngati nandolo. Wothyola amasankha kachipatso kamodzikamodzi, kofiira kokhakokha, kobiriwira n'kukasiya kuti adzakabwerere sabata zikubwerazo. Mtengo umodzi amaubwerera kangapo. Zothyolazo ziyenera kufika kumakina osendera makoko tsiku lomwelo, chifukwa zikagona m'thumba zimayamba kusasa ndipo fungo loipalo silichokanso. Madzulo mumakumana ndi amayi ndi achinyamata atasenza mabeseni ndi matumba kutsetsereka kupita kumakinako. Akasenda amaviika njerezo, kuzitsuka, kenaka kuziyanika pa mathandala kwa masiku ambiri, akumazitembenuza ndi kutola zowonongeka ndi manja. Pafupifupi alimi onse amene ndidacheza nawo ndi a m'makoparetivi amene ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, bungwe limene lilinso ndi alimi ku Phoka, ku Viphya, ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba.

Chisamaliro chonsechi chili ndi chifukwa. Pamsika wa kunja akatswiri amalawa khofi n'kumupatsa malikisi, monga timachitira ndi mayeso a ana kusukulu. Amene wapeza 80 pa 100 kapena kuposerapo ndiye amatchedwa wapamwamba, ndipo mtengo wake umasiyana ndi wa khofi wamba. Njere zochepa zosapsa kapena zowola zimatha kutsitsa thumba lonse.

Komatu m'nyumba zambiri zimene ndidalowa adandilandira ndi tiyi. Ena amasungako khofi pang'ono wokazinga okha, koma ambiri amamuona ngati fodya wa ku Kasungu: mbewu yogulitsa, osati yolawa. Sindikuwanena. Munthu amene kilo iliyonse akuiwerengera pa feteleza ndi fizi sangamwe ndalama zake.

Pobwerera ndidaima mu Mzuzu, ndipo patapita masiku ndidafikanso ku Lilongwe. M'mizinda iwiriyi malo omwera khofi achuluka ndithu, ndipo ena mwa iwo amadziwa ntchito yawo. Pamalo ena ku Lilongwe, amene sinditchula dzina, ndidalipira kapu imodzi ndalama yoti kwathu ndikadadya nsima ya nyama n'kutsalako chenje. Khofiyo adali wowawa ngati wopserera, mkaka wambiri wobisa kuwawako. Nditafunsa mtsikana woperekera kuti khofiyu ngwa kuti, adati sadziwa, amangobwera m'mapaketi. Iye ndilibe naye mlandu. Mwini malo ndiye sadamuphunzitse, mwinanso naye sadziwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pamafunika makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi a zipatso zofiira zija kuti patuluke kilogalamu imodzi ya njere zouma. Pokazinga njerezo zimapepukanso, n'kutsala magalamu 800 ndi kanthu. Kapu imodzi yabwino imadya magalamu pafupifupi 15. Ndiye kuti zipatso zimene mayi wa ku Misuku wasenza zolemera kilogalamu imodzi zimatulutsa makapu asanu ndi anayi mpaka khumi ndi limodzi. Tsopano tengani mtengo wa kapu imodzi m'tauni, muchulukitse kasanu n'kanayi, ndipo mukafunse mlimi aliyense wa khofi ndalama imene amalandira pa kilo ya zipatso. Kusiyana kwake kudzakukhalitsani pansi.

Sindikuti ndalama yonse yapakatiyo ndi yakuba. Mwini malo omwera khofi amalipira lendi ya m'tauni, antchito, mkaka, ndi mafuta a jenereta magetsi akazima. Makina ophikira khofi wa espresso ndi ochokera kunja, ndipo kachitsulo kake kakawonongeka kamafuna ndalama zakunja, zimene zidakwera mtengo kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu akakhala pamenepo maola awiri ndi kompyuta yake akugwiritsa ntchito intaneti, walipirira mpando osati khofi yekha. Zonsezi ndikuzimvetsa. Chimene sindivomereza n'chakuti munthu alipire mtengo wa khofi wapamwamba koma apatsidwe khofi wopanda dzina, wokazingidwa miyezi yapitayo, m'dziko limene khofi wopambana akulimidwa ku Chitipa, ku Rumphi ngakhalenso ku Thyolo pa esiteti ya Satemwa. Wogulitsa nsomba pamsika amadziwa ngati chambo chake n'cha ku Mangochi kapena cha ku Salima. Wa khofi alekerenji?

Mbewuyi si yachilendo kuno. Mbande yoyamba idafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo khofi adakula mpaka atsamunda adajambula mtengo wake pa chizindikiro cha British Central Africa. Adagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, khofi wa ku Brazil atadzaza msika, ndipo maesiteti adatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Mwina n'chifukwa chake tidakula ndi Chombe. Ambirife tikati khofi timatanthauza wa m'chitini wosungunula m'madzi otentha, monga Ricoffy wochokera ku South Africa, amene ndi wosakaniza ndi muzu wa chicory. Timatumiza khofi weniweni kunja, n'kumagula wosakaniza ndi ndalama zakunja zomwe tikulira kuti zikusowazo.

Kunyumba nkhani ya mtengo imasintha. Paketi ya magalamu 250 ya khofi wa m'dziko momwe muno, yomwe imapezeka m'masitolo akuluakulu, imatulutsa makapu 16 kapena kuposerapo. Pogula imaoneka yodula, koma mukagawa mtengowo ndi 16 mudzaona kuti kapu ya kunyumba ili kutali ndi ya m'tauni. Makina safunika. Wiritsani madzi pa mbaula, muwaphule, mudikire pang'ono kuti aleke kubwata, chifukwa madzi obwata amawawitsa khofi. Thirani masupuni awiri odzaza pa kapu iliyonse, vindikirani mphindi zinayi, kenaka sefani ndi kasefa ka tiyi. Ngati ndi wa njere, kamtondo kosinjira nsinjiro kakwanira, bola mukatsuke bwino kuti fungo la mtedza lichoke, ndipo musinje wokwanira tsiku lomwelo basi. Paketi mukatsegula muzimanga zolimba, kutali ndi sopo ndi usipa, chifukwa khofi amakoka fungo la chilichonse chili pafupi.

Kukazinga nokha m'chiwaya ndiko kovuta. Moto ukachuluka kunja kumada m'kati musanapse. Bambo wina wachikulire ku Misuku adandionetsa kuti moto ukhale wa makala ochepa, dzanja lisaleke kutakasa, ndipo njere zikayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga muziyang'anitsitsa, zikafika pofiirira muziphule msanga n'kuzipepeta m'lichero kuti zizizire. Khofi amene adandiphikira tsiku limenelo ndidamwa wopanda shuga, ndipo adali ndi kakomedwe kowawasira pang'ono ngati ka chipatso. Adandipatsako njere zodzaza kambale kuti ndikayesere kwathu. Aphunzitsi anzanga atalawa kusukulu, awiri adapempha kuwonjezera, ndipo mmodzi adathiramo masupuni atatu a shuga n'kunena kuti tiyi ndiye wabwino.