Ntchito ya kuunika pamene munthu amabisa

Mwa ntchito zonse zimene ine ndimagwira pothandiza odwala a kwathu kuno ku Kapondo, ndi ena amene amachokera kutsidya kwa malire a Zambia, palibe imene imafuna kuleza mtima ngati ya njerewere zomera kotulukira chimbudzi. Pakuti munthu, ngakhale magazi akudetsa zovala zake, amayamba wadandaula mutu ndi msana, ndipo ndikamuuza kuti, "Bambo, muno tili awiri okha, nenani chimene chakuyendetsani mtunda wonsewu," ndi pamene amagwetsa nkhope nanena zoona. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma manyazi amakhoma chitseko chimenecho kwa chaka chathunthu.

Njerewerezi zimadza ndi kachirombo ka HPV, makamaka mtundu wa 6 ndi wa 11, ndipo choyamba ndimazisiyanitsa ndi nthenda ya mudzi ndiponso ndi zotupa za chindoko, kenaka ndimapempha kuti tiyeze magazi, popeza mwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika zimakula msanga. Zazing'ono zakunja ndimazipaka mankhwala a podophyllin kamodzi pa sabata, nditayamba ndatchinjiriza khungu labwino ndi Vaseline, ndipo wodwala amatsuka pakapita maola anayi; koma mayi woyembekezera sindimupaka konse, ndipo mkati mankhwalawa salowamo.

Mkatimo ndimo muli luso lenileni. Wodwala amagona chammbali cha kumanzere, maondo atawakokera pachifuwa, ndipo ine, nditadzoza mafuta kachitoliro kotchedwa anoscope, ndimakalowetsa pang'onopang'ono iye akupuma mwakuya. Ndikachotsa chotsekera chake ndi kuwalitsa nyali, ndimakabweza mosafulumira, diso likuyendera mbali zonse, chifukwa wochotsa zakunja osaunika mkati ali ngati mlimi wosadza udzu nasiya mizu. Zimene ndapeza mkati zimakachotsedwa ku chipatala cha boma ku Mchinji, kumene amabaya jekeseni wochititsa dzanzi nazidula kapena kuziotcha ndi magetsi, akusiya khungu lamoyo pakati pa bala ndi bala kuti njira isadzachepe pochira. Ndipo zazikulu, kapena zimene tikukayikira khansa, zimapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ndimauza wodwala aliyense mosabisa kuti ife timachotsa njerewere, koma kachirombo kamatsalira m'khungu, kotero abwerenso tidzamuunike, abwere ndi mnzake wa m'nyumba, ndipo asalole kuti wina amudule ndi lezala kumudzi. Mu 2019 dziko lathu linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, makamaka pofuna kupewa khansa ya khomo la chiberekero. Chifukwa chake makolo amene ndawathandiza ndimawadandaulira kuti tsiku la katemera likafika pasukulu asabise ana awo, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.