Mlamba Umene Udataya Maso

Aliyense wokulira ku Machinga kapena ku Balaka amaudziwa mlamba. Amauona wowamba pamsika wa Liwonde, wakuda bii ndi utsi, ndevu zili nyomi. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti nsomba imeneyi ili ndi mbale wake wokhala pansi pa nthaka, kumene dzuwa silidafikeko chilengedwere dziko. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nkhani ya abale awiriwa njofuna kudekha komweko.

Mlamba wa mu Shire ndi m'nyanja ya Chilwa ndi nsomba yopirira. M'mutu mwake muli chiwalo chouthandiza kupuma mpweya wa kunja, kotero kuti madzi akaphwa umatha kukhalabe moyo m'matope, pamene nsomba zina zafa kale. Nyanja ya Chilwa itauma m'chaka cha 1968, ndiponso mu 1995, milamba idabisala m'maiwe a mitsinje monga Domasi ndi Likangala, ndipo mvula itabwerera idadzazanso nyanja. Chakudya imafufuza ndi ndevu zake zisanu ndi zitatu, zimene zimakhudza ndi kulawa ngakhale m'madzi amatope usiku.

Tsono kutali ku Namibia, pafupi ndi tawuni ya Otavi, kuli phanga lotchedwa Aigamas. Pansi pake pali dziwe lakuya, ndipo m'dziwemo ndimo mokha padziko lonse mmene mumapezeka mlamba wa kuphanga. Amene adaulemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1936 ndi mayi Ethelwynn Trewavas a ku Mangalande, omwenso adadzafika ku Nyasaland mu 1939 kudzafufuza za nsomba za m'nyanja ya Malawi. Mlamba umenewu ngwaung'ono, wotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Khungu lake ndi lotuwa mofiirira, popeza mtundu wakuda ulibe ntchito kumene kulibe dzuwa lowotcha kapena nkhwazi yoti nsomba iibisalire. Maso ake ngang'onong'ono, ndipo mwa ina adakwiririka ndi khungu. M'phanga simumera udzu, choncho chakudya chake ndi zitosi za mileme ndi tizilombo togwera m'madzi.

Kodi masowo adapita kuti? Si kuti nsomba imodzi idangodzuka tsiku lina ili yakhungu ayi. Diso ndi chiwalo chodya mphamvu zambiri m'thupi. Kunja kuno nsomba yobadwa ndi maso ofooka imadyedwa msanga, koma mumdima siluza kanthu. Mphamvu zimene zikadathera ku maso zimaithandiza kupirira njala ndi kuswana. Pakupita mibadwo zikwizikwi, za maso ang'ono ndi ndevu zakuthwa kumva ndizo zidachuluka. Ku Mexico kuli kansomba ka m'mapanga kamene kamaonetsa bwino zimenezi: kakali m'dzira diso limayamba kuumbika monga mwa makolo ake a kumtsinje, kenaka limafota ndi kutsekeka. Thupi likukumbukira, koma ntchito idatha.

Palibe amene angainyoze nsombayi, chifukwa kwa eni kulibe mkuwe. Idafika pamalo ovuta, idatsata malamulo a pamalopo, ndipo idakhala ndi moyo. Komabe walira mvula walira matope. Mlamba wa ku Chilwa madzi akathawa umawatsatira kumtsinje, pamene wa ku Aigamas ulibe kothawira. Ilipo mazana ochepa chabe, ndipo anthu akamapopa madzi a pansi pa nthaka m'deralo, dziwe lake limakhala pangozi. Kuzolowera malo amodzi kotheratu kudaupulumutsa, komanso kudautsekera khomo lobwererera.

Adzukulu ambiri a ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe ndi ku Phalula lero ali ku Lilongwe, ena ku Joni. Nkoyenera kuti aphunzire chilankhulo ndi makhalidwe a kumeneko, monga mlamba udaphunzira kudalira ndevu. Vuto limadza pamene Chichewa kapena Chiyao chaleka kumveka m'nyumba. Mwana woyamba amamva koma sayankha. Wa mwanayo sadziwa ngakhale kupereka moni kwa agogo, sadziwa mwinimbumba wake, ndipo pamaliro a kumudzi amaima ngati mlendo. Palibe tsiku limene adaganiza zotaya zimenezi. Zidangofota chifukwa chosagwiritsidwa ntchito.

Nsomba ya kuphanga idalibe mwayi wosankha, koma munthu ali nawo. Zimene mlamba udataya m'mibadwo zikwizikwi, banja likhoza kutaya m'mibadwo iwiri yokha, ndipo likhozanso kuzisunga ndi zinthu zazing'ono: nthano imodzi madzulo, mwambi pa nthawi ya nsima, ndi ulendo wa kumudzi nyengo yokolola.