Musanafunse za mawati, funsani za ma ohm

Galimoto yoyamba ya munthu amene wangoyamba kumene ntchito nthawi zambiri imakhala yochokera ku Japan, ka Passo kapena ka Vitz, ndipo chimene mwini wake amathamangira kusintha si matayala ayi. Ndi nyimbo. Amapiano inabwera ndi besi yake ija yogwedeza chifuwa, ndipo timasipika ta m'zitseko sitingathe kuitulutsa. Ndiye pamafunika subwoofer ndi amplifaya. Funso limene ndimamva kawirikawiri pakati pathu ndi lakuti, "Ndi ya mawati angati?" Kwa ine funso limeneli ndi lachiwiri. Loyamba ndi ili: subwoofer ili ndi ma ohm angati, nanga amplifaya imalola kutsika mpaka ma ohm angati?

Ambirife amene tinatenga sayansi ku sekondale tinaziphunzira kale zimenezi. Lamulo la Georg Ohm, m'Jeremani amene analisindikiza mu 1827, tinaliloweza. Series ndi parallel tinazijambula m'makope mpaka kutopa. Titangotuluka m'chipinda cha mayeso a MSCE tinazisiya pakhomo pomwepo, ngati kuti sizidzatikhudzanso m'thumba.

M'kati mwa sipika muli koyilo ya waya, ndipo ma ohm amasonyeza mmene koyiloyo imakanizira magetsi kudutsa. Pa nkhani ya masipika amati impedance. Ma ohm akachepa, magetsi amadutsa ambiri. Tiyerekeze kuti amplifaya ikutulutsa mavolti 20. Pa ma ohm 4 padutsa ma ampere 5, mphamvu yake mawati 100. Pa ma ohm 2 padutsa ma ampere 10, mawati 200. Pa ohm 1 ndi ma ampere 20. Apa ndi pamene pali msampha, chifukwa ukamatsitsa ma ohm phokoso limakweradi, ndipo khutu limakuuza kuti wachita bwino. Koma magetsi onsewo akudutsa m'kati mwa amplifaya n'kumaitenthetsa. Ngati inapangidwira ma ohm 4, iwe n'kuipatsa 2, ukuisenzetsa matumba awiri a chimanga pamene mphamvu zake ndi za thumba limodzi.

Masamu ake ndi a mphindi imodzi. Mu series, waya amachoka pa minus ya koyilo yoyamba kupita pa plus ya yachiwiri, ndipo ma ohm amaphatikizidwa: 4 ndi 4 ndi 8. Mu parallel, plus imapita kwa plus inzake, minus kwa minus, ndipo makoyilo awiri ofanana amapereka theka: 4 ndi 4 ndi 2. Ma subwoofer ambiri masiku ano amakhala ndi makoyilo awiri. Ya makoyilo awiri a ma ohm 4 ikupatsani 2 kapena 8, basi, 4 simungamupeze. Ya makoyilo awiri a ma ohm 2 ikupatsani 1 kapena 4. N'chifukwa chake subwoofer ndi amplifaya zimayenera kusankhidwira pamodzi, munthu asanatulutse ndalama.

Achimwene anga amayendetsa Sienta, ndipo banja lawo limadya kuchokera pa galimoto imeneyo. Anagula subwoofer ya makoyilo awiri a ma ohm 4 ndi amplifaya ya matchanelo awiri. Mmisiri wina analumikiza makoyilowo mu parallel, kenako n'kuphatikiza matchanelo awiri aja kuti akankhe sipika imodzi, zimene amati bridge. Pamalo poyesera inagunda mpaka anthu kutembenuka. Koma akayenda mphindi makumi awiri nyimbo zimaduka, kagetsi kofiira ka protect n'kuyaka, ndipo amplifaya imatentha moti sungaigwire. Atabwerera, mmisiri uja anati, "Bwana, amplifaya yanuyi ndi yaing'ono, gulani ina yamphamvu." Ndalama yake ikanachokera pa ya mafuta.

Ndinawapempha kuti tione kaye kabuku kake. Panalembedwa kuti tchanelo chilichonse chimalola ma ohm 2, koma pa bridge ndi 4. Chifukwa chake n'chakuti pa bridge tchanelo chilichonse chimamva theka la ma ohm amene mwaika, choncho pa 2 paja chilichonse chimavutika ndi ohm 1. Ndinati, "Achimwene, amplifayayi ilibe mlandu, tingosuntha mawaya awiri." Makoyilo aja titawaika mu series tinapeza ma ohm 8. Phokoso linatsikako, iwo anadandaula tsiku loyamba, koma nyimbo sizinadukenso. Ndipo kutsikako si kwakukulu monga anthu amaganizira: mawati akachepa ndi theka, phokoso limatsika ndi ma decibel 3 okha.

Sindikunyoza amisiri ayi. Ambiri a iwo amadziwa magetsi a galimoto kuposa ife a madigiri, ndipo alipo amene amafunsa za ma ohm asanagwire n'komwe waya. Koma kasitomala akafika n'kunena kuti "ndikufuna izimveka mpaka kutsidya", kenako n'kulipira malinga ndi phokoso la mphindi ziwiri zoyesera, mmisiri adzam'patsa chimene wapempha. Mbali ina ya vutoli ndi ife ogula.

Za mawati zija nazo zili ndi chinyengo chake. Nambala yaikulu ya pa katoni, 3000W kapena 5000W, kawirikawiri imakhala ya max kapena peak, mphamvu ya kamphindi chabe. Yofunika ndi ya RMS, ndipo imayenera kulembedwa pamodzi ndi ma ohm ake, monga 300W pa ma ohm 4. Ngati mukukayika, yang'anani mafyuzi a pa amplifaya. Injini ikamalira galimoto imapereka mavolti pafupifupi 14, ndiye fyuzi imodzi ya ma ampere 30 ikutanthauza mawati ngati 420 olowa, ndipo otuluka amachepa kuposa pamenepo chifukwa ena amathera m'kutentha. 3000 ija ichokera kuti?

Mukamaliza kulumikiza, musanamange mawaya ku amplifaya, bwerekani multimeter muyeze. Musadabwe ikaonetsa 3.4 pamene mumayembekeza 4, chifukwa imayeza ndi magetsi a DC ndipo nambala yake imakhala yotsikirapo pang'ono. Koma ikaonetsa yochepera 2 pamene amplifaya imafuna 4, musayatse. Plus ndi minus nazo zitsimikizeni ndi batire la tochi la mavolti 1.5: mukagunditsa plus yake pa plus ya koyilo, minus pa minus, khoni ya sipika iyenera kutulukira kunja. Makoyilo awiri akasemphana, imodzi imakankha ina ikukoka, besi imasowa, ndipo munthu amangowonjezera voliyumu mpaka fungo la waya wopsa litamveka kuchokera m'buti.