Euterpe asasankhire ana athu mphatso

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amati akhoza kudziwa ngati mwana adzakhale woimba, wovina kapena mlakatuli pongoona pamene miyala ina ya m'mlengalenga inali pa ola limene mwanayo anabadwa. Miyalayi pa Chingerezi amati ma asteroid, ndipo yambiri imazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Kale nkhanizi zinali za m'mabuku a azungu, koma lero zili pafoni. Ungolemba tsiku, ola ndi malo obadwira, basi tchati chozungulira ngati wotchi chatuluka.

Openda nyenyeziwa amatsata kwambiri miyala 9 imene inapatsidwa maina a milungu yaikazi ya zaluso ya Agiriki akale. Euterpe ndi wa nyimbo ndi chitoliro, Terpsichore wa magule, Erato wa ndakatulo zachikondi, Kalliope wa ndakatulo zazitali zotama ngwazi, Thalia wa zisudzo zoseketsa, Melpomene wa zisudzo zachisoni. Otsalawo ndi Klio, Polyhymnia ndi Urania. Pamwamba pa iyi amawonjezera Apollo ndi Sappho. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tchati chili ndi madigiri 360. Mwala ukapezeka pafupi ndi dzuwa, mwezi, Venus, malo amene ankatuluka kum'mawa pa nthawi yobadwa, kapena pamwamba penipeni pa tchati, osatalikira madigiri awiri kapena atatu, amati mwanayo ali ndi luso la dzina la mwalawo.

Ine zinandipeza kudzera mwa mwana wa achemwali anga amene ali pabanja ku London. Ali ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 8 ndi wamwamuna wa zaka 6. Anandiimbira foni mosangalala.

"Amalume, Euterpe ali pa dzuwa penipeni pa tchati cha mtsikanayu! Bambo ake amugulira kale kiyibodi."

"Nanga mnyamatayo?"

"Aa, iye alibe chilichonse, amalume. Mwina adzachita za masamu."

Pamene ankanena zimenezi n'kuti ine ndikumva phokoso kumbuyo kwake. Mnyamata "wopanda chilichonse" uja anali kalikiliki kumenya chidebe ndi mipando, ndipo kunena zoona, kamenyedwe kake sikanali kosokonekera. Mayi akewo anamukalipira kuti asiye kusokosa.

Apa m'pamene pali nkhawa yanga, makolo anzanga. Mtsikanayo sindikumudera nkhawa kwenikweni, kiyibodi siinaphepo munthu. Koma mwana amene wauzidwa pakhomo kuti kumwamba kulibe chake, ameneyo amasiya kuyesa, ndipo makolo amasiya kumuyang'ana.

Tiyeni tione kumene mainawa anachokera, poti tanthauzo lonse lagona pa dzina. Agiriki akalewo miyalayi sanaionepo, chifukwa popanda makina oonera kutali sioneka. Woyamba, Ceres, anaupeza Giuseppe Piazzi ku Palermo pa 1 Januwale 1801. Pofika zaka za m'ma 1850 miyala inayamba kupezeka motsatizana, ndipo akatswiri a zakuthambo ankangotola maina m'nthano za Agiriki ndi Aroma. Munthu mmodzi, John Russell Hind wa ku London, ndiye anapeza Melpomene, Kalliope ndi Thalia m'chaka cha 1852, Euterpe mu 1853, ndi Urania mu 1854. Usiku wina kukanachita mitambo ku London, wina n'kupeza mwalawo ku Paris, bwenzi lero ukudziwika ndi dzina lina, ndipo mdzukulu wanga uja bwenzi akumugulira china.

Nkhani ya Melpomene ndiyo imandikhudza. Hind anaupeza pa 24 Juni 1852, ndipo amene anapemphedwa kuutcha dzina anali George Airy, mkulu wa akatswiri a zakuthambo ku Greenwich. Tsiku lomwelo Airy anali atataya mwana wake wamkazi, ndipo pa deti lomwelo zaka 13 m'mbuyomo anali atatayanso mwana wamwamuna. Choncho anasankha dzina la mulungu wa chisoni. Ife zimenezi si zachilendo. Tili ndi a Mavuto, a Misozi ndi a Chisoni m'mabanja mwathu, ndipo tonse timadziwa kuti dzina lotere limanena zimene makolo ankadutsamo, osati kuti mwanayo adzalira moyo wake wonse. Dzina la Melpomene likusimba za misozi ya bambo wina wa ku Mangalande. Za mwana wanu silikudziwapo kanthu.

Ngakhale openda nyenyezi enieniwo anachedwa kuilowetsa miyalayi m'ntchito yawo. Mayi wina wa ku America, Eleanor Bach, ndiye anasindikiza mu 1973 ndandanda ya kayendedwe ka miyala inayi yoyambirira, ndipo buku la Demetra George lotchedwa Asteroid Goddesses linadzatchukitsa nkhaniyi mu 1986. Tisanamizane kuti ndi nzeru za makolo akale.

Tsono tiwerengetse pang'ono, masamu ake ndi a ku pulaimale. Malo ofunika aja ndi asanu. Aliwonse tiwapatse madigiri atatu uku ndi atatu uko, ndiye kuti 6. Kuchulukitsa ndi 5 tikupeza 30, gawo limodzi mwa magawo 12 a tchati chonse. Mukaponya miyala 11 pa tchati chotere, ana oposa theka adzapezeka ndi mwala umodzi pamalo abwino, mwamwayi chabe. Ndipo wopenda wochenjera sasowa chonena, chifukwa miyala yodziwika inapitirira miliyoni imodzi, ndipo yoposa 20,000 ili ndi maina. Ulipo wa Beethoven, ilipo ya anyamata anayi onse a The Beatles. Pa digiri iliyonse pamagwa maina ambirimbiri, iwe kumangosankha lokoma.

Palinso vuto la ola. Malo otulukira kum'mawa aja amasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Namwino akalemba nthawi atamaliza kaye kusamalira mayi ndi khanda, mphindi 15 zitadutsa, Terpsichore wachoka pamalo. Ambiri a ife chimene tinauzidwa n'chakuti tinabadwa "m'bandakucha nkhuku zikulira".

Sindikuletsa munthu kusewera nazo. Nthano za milungu 9 ija n'zokoma, ndipo ngati banja likhala pansi madzulo n'kumakambirana za luso la ana chifukwa cha tchati, kukambiranako n'kwabwino. Pamene ndikukana ndi pamene ndalama ya banja, nthawi ya bambo ndi mawu a mayi ziyamba kugawidwa motsatira tchaticho. Mwana wa achemwali anga ndinamuuza kuti, "Mwanangu, kiyibodiyo iikidwe pabalaza, aliyense aziigwira. Pakatha miyezi itatu udzandiuze amene amaithamangira osatumidwa." Luso la mwana limaonekera pa chimene amabwererako yekha, ngakhale mutamuletsa, ngakhale anzake atapita kukasewera mpira.

Leopold Mozart ankaphunzitsa mwana wake wamkazi, Nannerl, kuimba chida chonga piyano ali ndi zaka 7. Kamlongo kake ka zaka zitatu, Wolfgang, kankakhala pambali n'kumadinadina, kufunafuna mawu ogwirizana. Bamboyo anaona, ndipo posakhalitsa anayamba kukaphunzitsa nakonso. Wolfgang anamwalira mu 1791, kutatsala zaka 9 kuti mwala woyamba upezeke. Umene unatchedwa Mozartia pomukumbukira unadzapezeka mu 1924.