Kabokosi kamene kankawachedwetsa adadi

Mwezi watha ndinapita kumudzi kukathandiza amayi kukonza m'chipinda chosungiramo katundu. M'katoni ina, pansi pa makalendala akale, ndinapeza kabokosi kotuwa kokhala ndi timagetsi kutsogolo, pamwamba pake patalembedwa 56K. Nditawaonetsa adadi anaseka, n'kunena kuti, "Iwe, kameneka ndi kamene kankandisowetsa pakhomo."

Iwo ankaseka, koma ine zinandibaya. Ndili mwana, adadi ankagwira ntchito yowerengetsa ndalama pa ofesi ina ku Zomba, ndipo kumapeto kwa mwezi ankafika ife titagona kale. Amayi ankangoti akutumiza malipoti ku likulu. Nditakula n'kukhala ndi foni yangayanga, nkhani imeneyi ndinasiya kuikhulupirira. Kutumiza fayilo mpaka usiku? Chithunzi pa WhatsApp chimapita chala ndisanachotse n'komwe. Mumtima ndinkati akuluwa ankayamba akhota kaye penapake. Sindinawafunsepo, koma mlandu ndinali nditagamula.

Madzulo a tsikulo tinakhala pakhonde, kabokosi kali patebulo, ine ndikuwerengetsa pafoni.

Kabokosiko ndi modemu. Kankasandutsa deta kukhala phokoso loyenda pa waya wa telefoni ya m'nyumba, ndipo 56K ikutanthauza ma kilobit 56 pa sekondi. Apa ndi pamene ambirife timagwa. Liwiro la intaneti amaliyeza m'ma bit, koma kukula kwa fayilo timakuona m'ma byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Mukagawa 56 ndi 8 mupeza 7. Ma kilobyte 7 pa sekondi, basi. (Masamu omwewa akugwirabe lero: akakuuzani kuti 8 Mbps, dziwani kuti ndi megabyte imodzi pa sekondi, musanayambe kukalipa.)

Komanso 56 ija inali yolandirira. Pa muyezo wa V.90, womwe unakhazikitsidwa mu 1998, potumiza modemu sinkapitirira 33.6 kbps, kapena kuti ma kilobyte 4.2 pa sekondi. Ndipo adadi ntchito yawo inali yotumiza.

Ndinawafunsa kukula kwa mafayilo. Anati akasikana mapepala osainidwa, limodzi linkafika mwina 5 MB. Ndinagawa 5,000 ndi 4.2. Masekondi 1,190, pafupifupi mphindi 20 fayilo limodzi, laini ili bwinobwino.

"Ndiye munkatumiza angati, adadi?"

"Anayi, mwina asanu. Koma iwe ukuwerengera ngati sinkaduka."

Apa anayamba kufotokoza okha. Laini ya modemu inali yomweyo ya telefoni ya mu ofesi, ndiye masana abwana sankalola kuti itsekedwe, makasitomala angalephere kuimba. Ankadikira anthu aweruke. Mvula ikagwa waya ankalira phokoso, liwiro n'kutsika. Ikaduka fayilo lili pakati, imelo inkayambiranso poyamba. Mafayilo asanu ndi ola limodzi ndi mphindi 40 papepala. Onjezanipo kuduka kawiri katatu. Akamatseka ofesi maminibasi anali atatha, n'kuuyamba wapansi.

Chimene chinkawapweteka, akuti, n'chakuti anzawo a ku likulu ankaimba m'mawa kufunsa kuti bwanji mumachedwa, pomwe iwo anali ndi laini ya digito yotchedwa E1. Nditaiwerengera ndinamvetsa chifukwa chake sankamvana. E1 imanyamula 2,048 kbps, yogawidwa m'tinjira 32 ta 64 kbps kalikonse. Nambala ya 64 siyongopeka: mawu a munthu pa telefoni amayezedwa ka 8,000 pa sekondi, ulendo uliwonse ma bit 8. Ku America amagwiritsa T1, ya tinjira 24 ndi liwiro la 1,544 kbps, pomwe E1 ndi ya ku Ulaya ndi kuno kwathu. Gawani 2,048 ndi 8, mupeza ma kilobyte 256 pa sekondi, mbali zonse ziwiri. Fayilo lomwe lija la 5 MB linkatha m'masekondi 20.

Mphindi 20 kwa adadi, masekondi 20 kwa anzawo. Munthu wa pa E1 akanamumvetsa bwanji wa pa modemu? Nanga ine wa 4G?

Ndinkafuna kupepesa, koma mupepesa bwanji pa mlandu womwe mwini wake sakudziwa kuti munamuzenga? Ndinangofunsa ngati kankaliradi mmene anthu amanenera. Adadi anakhosomola pang'ono, n'kuyamba kuyeserera ndi pakamwa: kuimba kwa manambala, kulira kwa psiii, kenako khrrr wautali. Amayi anatulukira pakhomo atagwira chipande, kufunsa ngati munthu watsamwa.

M'mawa ndikulongedza zokataya, kabokosi kaja ndinakaika m'thumba la zinyalala limodzi ndi makalendala. Pobwera kosamba ndinapeza akachotsamo, akapukuta fumbi, kali pamwamba pa kabati pafupi ndi wailesi.