Mutu wa chingwe unandinyenga

Amisiri anzanga a zamagetsi, kwa zaka zingapo ine ndinkasankha chingwe cholumikizira laputopu ku PLC pongoyang'ana mutu wake. Mutu wa mapini 9 ukangolowa, ndinkati basi zatheka.

Manyazi oyamba anandigwira pafakitale ina ya tiyi ku Thyolo. Makina oumitsira masamba anali ataima, abwana ali chilili kumbuyo kwanga, ine thukuta kamukamu pa Siemens S7-300. Ndinalowetsa chingwe changa cha PC/PPI chomwe chinkandigwirira ntchito bwinobwino pa S7-200. Kunali zii. Ndinasinthasintha ma adiresi mpaka dzuwa kupendeka, n'kumanamizira Windows. Chonsecho vuto linali ine. Ma PLC awiriwa onse amadutsira pa RS-485, koma S7-200 imamva PPI, kawirikawiri pa liwiro la 9.6 kbit/s, pomwe S7-300 imafuna MPI, ndipo imafika itatcheredwa kale pa 187.5 kbit/s. Ngakhale pulogalamu yake ndi ina: uku Micro/WIN, uko SIMATIC Manager.

Nditagula adaputala ya MPI ndinayamba kudzitama. Sindinadziwe kuti PC Adapter USB yakale yomwe ndinagulayo imadya magetsi a 24 V ochokera pa PLC pomwepo, ndiye ukailumikiza pamalo pomwe magetsiwo safika, ngakhale kagetsi kake sikayaka. Imalekezeranso pa 1.5 Mbit/s, pomwe PROFIBUS imatha kuthamanga mpaka 12 Mbit/s. PC Adapter USB A2 ndi CP 5711 ndi zomwe zimafika pamenepo, koma mtengo wake unandibweza. Za Allen-Bradley ndi Mitsubishi ndisayambe n'komwe. DH-485 ya SLC 500 ili ndi 1747-UIC yakeyake, FX nayo ili ndi SC-09.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Ndinaitanitsa pa intaneti adaputala yotengera, yofanana ndendende ndi yeniyeni, mtengo wozizira. Kunyumba patebulo inagwira. Koma m'kati mwake munalibe chotchinga cholekanitsa magetsi a laputopu ndi a PLC, chija chimene m'zenizeni amachita ndi tizipangizo ta kuwala totchedwa optocoupler. Tsiku lina pamalo ena opopera madzi magetsi atathima, anayatsa jenereta, ine n'kulumikiza chaja ya laputopu pasoketi yakutali ndi kabati ya makina, adaputala ija ili yolumikizidwa ku PLC. Waya wa efi wa soketiyo ndi wa kabati sanali pamlingo umodzi, ndipo kusiyanako kunapeza njira m'chingwe changa. Ndinangomva kafungo ka pulasitiki wopsa. Doko la MPI linali litapita.

Ndikadangozula chaja n'kugwiritsa ntchito batire, mwina sizikadachitika. Mwayi wokha unali wakuti pulogalamu inatsala pa kakhadi ka MMC. CPU ina anachita kuitanitsa ku Johannesburg, mapampu akuyendetsedwa pamanja usana ndi usiku, ndipo ndalama yake inadulidwa pa malipiro anga.