Kadisiketi ka Fomu 3



Sabata yatha ndikukonza m'kabati ndinapeza kadisiketi kakuda, pamwamba pake polembedwa ndi dzanja langa kuti "Sewero la Fomu 3". Ena mwa inu mukukumbukira. Tinalemba limodzi sewerolo, tinakonzekera teremu yonse pansi pa mtengo wa mango, koma tsiku la mpikisano galimoto sinabwere. Mpaka lero palibe anaonerapo. Mapepala ake chiswe chinadya kalekale. Katsala ndi kadisiketi aka basi, ndipo pasukulu pano palibe kompyuta ngakhale imodzi yoti n'kukalowetsamo.

Nditakagwira m'manja ndinakumbukira nkhani ina ya ku Britain imene ndinawerengapo. Mu 1992 kampani ya Hi-Tec Software inakonza gemu ya Daffy Duck, kabakha ka m'makatuni kaja, yoseweredwa pa Commodore 64. Iyi inali kompyuta ya pakhomo yomwe inatuluka mu 1982. Ankailumikiza ku TV, ndipo memory yake inali 64 KB yokha, moti chithunzi chimodzi cha pafoni yanu sichingakwanemo. Magemu ambiri ankagulitsidwa pa makaseti, ngati a nyimbo aja tinkapukusa ndi bolopeni.

Gemuyo anaipanga anyamata awiri, Ashley Routledge ndi Dave Saunders. Magazini ya Zzap!64 inaiyesa n'kuipatsa 94%. Ine zaka zonsezi sindinapatsepo mwana 94 pa chimangirizo! Ana anawerenga, anayamba kusunga ndalama. Kenaka kampani ija inagwa gemu isanafike m'sitolo. Ntchito yotha kale, yoyamikiridwa kale, inangotsekeredwa m'katoni.

Mu 1999 bambo wina, Frank Gasking, anayambitsa ntchito yotchedwa Games That Weren't, yofufuza magemu otere. Ntchito yake ndi yotopetsa: kusakasaka anthu amene anasiya za magemu kalekale, kuwachonderera kuti akwere kudenga akaone m'makatoni, kenaka kuwerenga madisiki mmodzimmodzi. Ndipo nthawi siidikira, chifukwa disiki imasunga zinthu pa kapulasitiki kopakidwa maginito, komwe kamafooka ndi zaka ndiponso kamachita nkhungu kukakhala chinyontho.

Daffy Duck inapezeka mu 2015, patapita zaka 23, pa madisiki akale a mmodzi mwa amene anaipanga. Sanaipeze ili yongoyatsa n'kusewera ayi. Anapeza malangizo a pulogalamu amene anyamata aja analemba, ndipo panafunika munthu wodziwa kuti awalumikizenso. Lero aliyense angathe kuisewera pa kompyuta yamakono pogwiritsa ntchito pulogalamu yoyerekeza Commodore 64. Kodi ndi yokomadi mpaka 94? Kwa ine funso limenelo ndi laling'ono. Chimene chimandigwira mtima n'choti eni ake anaona anthu akusewera chinthu chimene iwo anachitaya mtima.

Kadisiketi kathu ndakapereka kwa mnzanu wina amene amakonza makompyuta m'tauni. Anakatembenuza, n'kuseka. "Aphunzitsi, musayembekezere zambiri. Ndipeza kachipangizo kowerengera ka USB, koma tikangoyatsa tikopere pompo, mwina sikalolanso kachiwiri."

Ndiye ndikudikira. Pakali pano, iwe amene unali nyakwawa m'sewero lija, ndi inu atsikana atatu a pachitsime, ngati mawu ena akadali m'mutu, alembeni pa pepala munditumizire. Ine ndikukumbukira poyambira pokha, ndi pamene mbuzi inkayenera kulira.